Msewu Umodzi, Makhonsolo Awiri, Njanji Pakati: Momwe Mungaukuzire Mogwirizana

Msewu sudziwa malire a khonsolo. Lole yonyamula tiyi ikachoka ku Mulanje n'kudutsa pa Luchenza kulowera ku Thyolo mpaka ku Limbe, dalaivala sadziwa n'komwe kuti wasiya dera la khonsolo ina n'kulowa la ina. Koma tsiku limene anthu adzati msewu wachepa, tiukuze, malire aja amatulukira poyera. Uyu akuti chigawo chathu n'chachifupi, uyo akuti magalimoto owononga msewu ndi akwanuko. Ndiye pakakhalanso njanji, nkhani imakula, chifukwa pamenepo pamabwera mwini wachitatu amene sakhala nawo pa misonkhano ya makhansala ndipo sitimuvotera.

Malangizowa ndalembera makhansala, mafumu, a makomiti a chitukuko, amalonda ndi aliyense amene dera lake likugawana msewu ndi anzawo oyandikana nawo. Mfundo yanga ndi imodzi: yambani ndi panjanji komanso pepala la mgwirizano. Phula libwere pambuyo.

Choyamba: dziwani mwini msewu ndi mwini njanji

Musanaitane msonkhano uliwonse, yang'anani chilembo cha msewu wanu. Misewu ya M (ikuluikulu), ya S (yachiwiri kukula) ndi ya T (yachitatu) imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Misewu ya D (ya m'maboma), ya m'midzi ndi ya m'kati mwa tauni ndiyo ili m'manja mwa makhonsolo. Ngati msewu wanu ndi M2 kapena M1, khonsolo singangotenga giledala n'kuyamba kukumba. Ntchito yanu ikhala yokakamiza kuti ulowe m'ndondomeko ya Roads Authority, kukonza nkhani za malo ndi kuthandizira zina monga misika ndi malo oimikapo maminibasi. Ngati ndi wa D, udindo wonse ndi wanu.

Njanji ndi ya boma, koma kuyambira 1999 imayendetsedwa ndi kampani ya Central East African Railways, imene ambiri timangoti CEAR, ndipo masiku ano imagwira ntchito m'gulu la Nacala Logistics. Pamwamba pake pali Unduna wa Zamtengatenga. Choncho kalata yanu ipite kuwiri: ku kampani ndi ku unduna.

Chachiwiri: werengani zodutsa

Mawu oti "msewu wachepa" sabweretsa ndalama. Chobweretsa ndalama ndi chiwerengero. Pezani achinyamata angapo, apatseni makope ndi mapensulo, akhale m'malo atatu: kumbali ya khonsolo yoyamba, kumbali ya khonsolo inayo, ndi panjanji penipeni. Awerenge kwa masiku 7 otsatizana, kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, ndipo tsiku la msika lisaphonyedwe. Asawerenge magalimoto okha. Alembe padera malole, maminibasi, a kabaza a njinga zamoto, a njinga zakapalasa, ngolo, oyenda pansi ndi ana a sukulu. Alembenso nthawi imene sitima yadutsa, mphindi zimene yatenga, ndi kutalika kwa mzere wa magalimoto odikira.

Kawirikawiri chiwerengerochi chimasintha maganizo a anthu. Mumapita mukufuna msewu wa mizere inayi ngati wa mumzinda, n'kupeza kuti chothinitsa msewu si magalimoto koma njinga ndi anthu oyenda pansi amene alibe podutsa. Pamenepo chofunika ndi kuwonjezera m'mbali mwa msewu mamita awiri uku ndi uku, kuthira phula m'mbalimo ndi kukumba ngalande zabwino, ndipo mtengo wake umatsika kwambiri. Pitaninso kupolisi ya pamsewu mukapemphe mbiri ya ngozi za zaka zitatu kapena zisanu zapitazi pamsewupo.

Chachitatu: pitani kwa eni njanji musanajambule chilichonse

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimakodwa. Makhonsolo amalemba injiniya, amajambula msewu wokongola, amapeza kontilakitala, ntchito n'kuyamba mbali zonse ziwiri. Atafika panjanji ndi pamene amakumbukira kuti alibe chilolezo. Mapeto ake msewu waukulu uku, waukulu uko, pakati pali kakhosi kopyapyala ngati ka botolo, magalimoto othamanga onse n'kumapanikizana pamalo oopsa kuposa ena onse.

Sitima si minibasi yoti ikaona munthu n'kuponda mabuleki. Zonyamula malasha zochokera ku Moatize kudutsa pa Nkaya ndi Liwonde kupita ku Nacala zimakoka mabogi oposa 100, ndipo sitima yolemera chotero imatha kutsetsereka mtunda woposa kilomita imodzi isanaime. N'chifukwa chake lamulo la panjanji n'lakuti sitima ndiyo imayamba kudutsa, ndipo eni njanji salola munthu wamba kukumba pafupi ndi zitsulo zawo. Ngakhale njanji ya kwanuko itakhala yomwe sitima zimadutsa mwa apo ndi apo, monga ya kumwera kwa Limbe, musaione ngati yakufa. Ikadzakonzedwa, podutsa panu padzaweruzidwa ndi muyezo womwewo.

Lembani kalata imodzi yosainidwa ndi akuluakulu a makhonsolo onse awiri, yopempha kuti mainjiniya a kampani abwere kudzaona malowo pamodzi ndi anu. Tsiku limenelo muyende wapansi, ndipo mafunso awa ayankhidwe m'kalata, osati pakamwa pokha.

Funso lalikulu ndi la mtundu wa podutsa. Pali pongoika zikwangwani, pali pokhala ndi chotchinga chotsitsidwa ndi mlonda, pali pa magetsi ndi mabelu, ndipo pali mlatho wodutsa pamwamba. Mlatho ndiwo umathetseratu ngozi, koma mtengo wake ukhoza kuposa wa msewu wonse, ndipo makhonsolo awiri okha sangauthe. Magetsi ndi mabelu n'zabwino pamene zikugwira ntchito. Funsani kuti zikafa adzakonza ndani, ndipo mabatire ndi masola akabedwa adzagula ndani. Ine ndimakonda chotchinga cha mlonda m'matauni ang'onoang'ono, bola malipiro a mlondayo akhale ndi mwini wodziwika. Chotchinga chopanda mlonda chimaposa kuipa pamalo popanda chotchinga, chifukwa anthu amachikhulupirira.

Kenako onani maimidwe a malo. Msewu udule njanji molunjika, osati mopendekera, kuti dalaivala aone mbali zonse popanda kupotoza khosi, komanso kuti tayala la njinga lisalowe m'mpata wa m'mbali mwa chitsulo. Msewu ufike panjanji uli wosalala, usakhale ndi linunda loti lole yaitali n'kukodwa pamimba. Mphambano, depoti kapena hampu zisayandikire kwambiri moti galimoto yodikira kutsogolo n'kusiya matako ake pazitsulo. Mbali zonse pakhale poyera, popanda maokala, mipanda kapena chimanga chobisa sitima. Oyenda pansi apatsidwe kanjira kawokawo, apo ayi adzadzipangira kawo kuseri kwa chotchinga. Madzi a m'ngalande za msewu asathiridwe m'miyala ya njanji.

Pomaliza gwirizanani kuti ntchito ya pakati pa zitsulo ndi pafupi nazo adzagwira ndani. Kawirikawiri kampani imafuna kugwira yokha kapena kuyang'anira ndi anthu ake, ndiponso ndiyo imanena masiku ndi maola amene sitima zingaimitsidwe. Pemphani mtengo wake wolembedwa. Nambala imeneyo ndiyo maziko a bajeti yonse.

Chachinayi: lowetsani ntchito m'mapulani a makhonsolo onse awiri

Chitukuko cha khonsolo chili ndi njira yake: chimachokera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), kukaunikidwa ndi komiti ya akatswiri a pa boma (DEC), n'kukavomerezedwa ndi khonsolo yonse. Ntchito imene mulibe m'pulani ya chitukuko ya boma lanu ndi mwana wamasiye. Onetsetsani kuti yalowa mbali zonse ziwiri ndi dzina limodzi komanso chaka chimodzi. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, choncho zokambirana zikhale zitapsa chaka chisanathe, nthawi imene mabajeti akukonzedwa.

Chachisanu: lembani mgwirizano, ndipo mukangane lero

Pangani komiti imodzi ya makhonsolo onse awiri. Isakule: makhansala a madera okhudzidwa, akulu oyang'anira zomangamanga, a zamapulani ndi a zachuma a mbali zonse, mfumu imodzi kapena ziwiri kumbali iliyonse, ndi woimira amalonda. A Roads Authority ndi a njanji aziitanidwa nthawi zonse. Upampando uzisinthana, ndipo misonkhano izichitikira uku lero, uko mawa. Zikuoneka zazing'ono, koma ndinaonapo ntchito ikuzizira chifukwa choti mbali ina inatopa n'kumangoyenda ulendo wopita kwa anzawo ngati opempha.

Nkhani yovuta ndi ya kagawidwe ka ndalama. Njira zake zilipo zitatu: kugawana potengera kutalika kwa msewu m'dera la aliyense, potengera kuchuluka kwa ougwiritsa ntchito, kapena kugawana pakati ndi pakati. Iliyonse payokha ili ndi chilema. Tiyerekeze kuti msewu ndi wa makilomita 6, ndipo 4 ali m'khonsolo ya boma yomwe ndi ya midzi, 2 ali m'tauni. Mukatengera kutalika, a kumidzi alipira magawo awiri mwa atatu, chikhalirecho msika, masitolo ndi msonkho wambiri zili m'tauni. Mukatengera ogwiritsa ntchito, a m'tauni adzati ambiri odutsa ndi alendo ochokera kutali. Chimene ndimalangiza n'kuduladula ntchito. Msewu weniweni aliyense alipire chigawo chake. Podutsa njanji, kujambula mapulani ndi malipiro a injiniya woyang'anira mugawane mofanana, ngakhale njanjiyo ili m'dera la khonsolo imodzi, chifukwa popanda pamenepo msewu wa wina aliyense sufika kulikonse. Chipukutamisozi aliyense alipire anthu ake, chifukwa ndiye amawadziwa, ndipo sadzalola mayina ongopeka ngati ndalama ikuchoka m'thumba lake.

Mumgwirizanomo mulembenso izi: khonsolo imene itsogolere posaka kontilakitala ndi kusaina naye, akaunti yapadera ya ntchitoyi, yosainira anthu a mbali zonse, masiku oikamo ndalama, chochitika ngati wina wachedwa, ndi kagawidwe ka ndalama zoonjezera mtengo ukakwera. Chomalizachi musachilumphe. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo phula, dizilo ndi zitsulo timagula kunja. Mgwirizano wopanda mfundo ya kukwera kwa mitengo umatha ndi kontilakitala atachotsa makina ake usiku.

Lembaninso amene adzaweruze mukasemphana, kaya ndi Unduna wa Maboma Aang'ono kaya munthu wina amene nonse mwamuvomera. Ndipo mgwirizanowo uvomerezedwe ndi khonsolo yonse mbali iliyonse, ulowe m'maminitsi. Mabwanamkubwa amasamutsidwa, makhansala ndi aphungu amasintha pakatha zaka zisanu. Kugwirana chanza kwa anthu awiri okondana kumapita nawo limodzi.

Chachisanu ndi chimodzi: sakani ndalama m'madengu angapo

Tinene zoona: msonkho wa m'misika ndi ziphaso za malonda sizingathire phula ngakhale kilomita imodzi. Koma zikhoza kulipira kuwerenga magalimoto, misonkhano ndi kuyeza malo, ndipo amene wabwera ndi mapulani ali m'manja amamvedwa msanga kuposa wobwera ndi madandaulo.

Dengu lalikulu ndi la Roads Fund Administration, bungwe losunga ndalama za misewu zochokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto ndi zipata zolipiritsa monga za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Kenako pali ndalama za chitukuko zimene boma limatumiza kumakhonsolo kudzera ku National Local Government Finance Committee, ndi thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, la CDF. Aphungu a madera onse awiri akhale nanu kuyambira pachiyambi, osati kuwaitana tsiku lodula riboni lokha. Abwenzi akunja nawo amathandiza misewu: Japan inathandiza kukuza Masauko Chipembere Highway ku Blantyre, ndipo African Development Bank inaika ndalama pamsewu wa Liwonde kupita ku Mangochi. Koma thandizo lotere limadzera ku boma, choncho pempho lanu lipite kudzera ku unduna, ndipo pempho la makhonsolo awiri olankhula chimodzi limalemera kuposa awiri osiyana.

Musaiwale opindula aakulu: maesiteti, mafakitale, eni nkhokwe ndi kampani ya njanji yomwe. Kampaniyo ngozi siifuna, chifukwa sitima ikagunda lole katundu amaima. Ipempheni chinthu chodziwika, monga chotchinga, kanyumba ka mlonda kapena konkire ya pakati pa zitsulo, osati "thandizo" chabe.

Ndalama zikaperewera, gawani ntchito m'magawo, ndipo gawo loyamba likhale podutsa njanji ndi mamita mazana angapo mbali iliyonse, limodzi ndi makalavati. Kwinako mukhoza kuyamba ndi dothi lamiyala lotsenderedwa bwino, phula n'kudzabwera chaka chinacho.

Chachisanu ndi chiwiri: malo, manda, mapolo ndi mapaipi

Msewu uli ndi malo ake oposa pamene pali phula. Wa M malo ake ndi mamita 60 m'lifupi, kutanthauza 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Wa S ndi mamita 36. Njanji nayo ili ndi malo ake. Oyeza malo aike zikhomo anthu akuona, mafumu ali pomwepo. Mukatero lengezani tsiku lotsekera kalembera, ndipo nyumba, okala, chitsime ndi mtengo uliwonse wa mango zijambulidwe chithunzi mwini wake ataima pambali. Mukapanda kutero, mudzadzuka n'kupeza nyumba za zidina zosawotcha zitamera usiku ngati bowa.

Mtengo wa katundu awerengere akatswiri a boma a za malo, ndipo mndandanda umatidwe poyera kwa mfumu ndi ku ofesi ya khonsolo kuti wodandaula adandaule nthawi ikadalipo. Anthu alipidwe makina asanafike. Mitengo ya chipukutamisozi ifanane mbali zonse za malire; palibe chokwiyitsa ngati kumva kuti mnzako wa tsidya la mtsinje walandira zambiri pa mtengo wa nthochi wofanana ndi wako. Amalonda a m'mbali mwa msewu, ngakhale ali pamalo a msewu, apezereni pokhala pena, apo ayi adzabwerera tsiku lomwelo phula likauma, ndipo malo abwino kwa iwo ndi panjanji pomwe magalimoto amaima.

Manda ndi nkhani ya mafumu ndi eni mbumba. Ngati n'kotheka kukhotetsa msewu pang'ono, khotetsani.

Lembani makalata ku ESCOM, ku bungwe la madzi la chigawo chanu ndi kumakampani a mafoni amene ali ndi nthambo pansi. Kusuntha mapolo ndi mapaipi kumalipiridwa, ndipo kumatenga miyezi. Pitaninso ku MEPA, bungwe loona za chilengedwe, akakuuzeni mtundu wa kafukufuku wofunika pa ntchito ya msinkhu wanu malinga ndi lamulo la 2017. M'kafukufukumo mulowe maenje okumbamo dothi, amene akasiyidwa osakwirira amasanduka maiwe omiza ana.

Chachisanu ndi chitatu: kontilakitala ndi nyengo

Kontilakitala akhale mmodzi pa msewu wonse, wopezeka potsata malamulo a PPDA (bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma), wolembetsedwa m'gulu loyenera kukula kwa ntchitoyo. Awiri okumana pamalire amasiya msewu wosiyana msinkhu, ndipo aliyense amaloza mnzake. Injiniya woyang'anira asakhale wa kontilakitala. Musalipire ntchito imene injiniyayo sanayeze n'kusainira, ndipo sungani kachigawo ka malipiro mpaka msewu utapirira dzinja limodzi lathunthu.

Ntchito ya dothi iyambe mvula ikangotha, cha mu Meyi, kuti pofika Novembala ngalande ndi makalavati zikhale zitatha. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Blantyre mu Malichi 2023 sangatsutse kuti kalavati yaing'ono ndi ndalama yotaya. Konzaninso njira yapambali yodutsa nthawi ya ntchito. Ngati nayo idule njanji, ikufunika chilolezo chakechake. Pamalo pa ntchito paimikidwe chikwangwani cholemba dzina la kontilakitala, mtengo ndi tsiku lomaliza, ndipo maganyu agawidwe kwa anthu a mbali zonse ziwiri.

Riboni ikadulidwa

Msewu wokula ndi wosalala umathamangitsa madalaivala, choncho miyezi yoyamba ndiyo yoopsa. Apolisi a pamsewu, aphunzitsi, atsogoleri a akabaza ndi a mipingo ndi mizikiti afotokozere anthu kuti panjanji timaima, timayang'ana uku ndi uku, ndipo sitizembera chotchinga ngakhale sitima ikuoneka ili kutali.

Komiti ija isathe. Izikumana kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi itangotha, ndipo pa tsamba lomaliza la mgwirizano pakhale mayina a maofesi, osati a anthu: wotchetcha udzu kuti sitima izioneka, wochotsa mchenga m'ngalande ndi m'mipata ya zitsulo, wopakanso utoto mizere, wobwezeretsa zikwangwani zikabedwa ndi ogula zitsulo zakutha, ndi wolipira mlonda mwezi ndi mwezi. Nambala ya foni ya ofesi yoyendetsa sitima ilembedwe ndi zilembo zazikulu pakhoma la kanyumba ka mlonda komanso pachikwangwani mbali zonse ziwiri, kuti lole ikafera pazitsulo aliyense amene ali pafupi athe kuimba sitima isanatulukire.